Titration ya permanganate ndi iron(II): musamawononge mankhwala pachabe

Anzanga amene mukuchita ma practical a Chemistry kuno ku Mzuzu, kaya ku Mzuni kaya kusekondale, vuto lalikulu pa titration imeneyi, yoyeza kuchuluka kwa iron(II) pomudonthetsera permanganate, limakhala asidi.

Thirani dilute sulfuric acid wokwanira mu conical flask momwe muli iron(II) musanatsegule burette (chubu chodonthetsera permanganate). Mukangoona madzi ayamba kuoneka ngati tiyi, muli timatope tabulauni, dziwani kuti asidi wachepa ndipo manganese wa mu permanganate wasanduka MnO2 m'malo mwa Mn2+. Pamenepo tayani muyambirenso, nambala yake ndi yabodza. Hydrochloric acid ayi, chifukwa permanganate amasandutsa chloride kukhala chlorine, ndiye amalowa wambiri kuposa woyenera. Nitric acid nayenso ayi, amayamba yekha kusintha iron(II), yemwe ndi Fe2+, kukhala Fe3+ inu musanadonthetse kalikonse.

Indicator (mankhwala osintha mtundu posonyeza mapeto) musavutike kuifunafuna, permanganate amadzionetsa yekha. Ikani pepala loyera pansi pa flask, muzidonthetsa pang'onopang'ono uku mukuzunguza, ndipo muime pinki wopepuka akakhala masekondi pafupifupi 30 osazimirira. Mtundu wa permanganate ndi wakuda kwambiri moti pansi pa meniscus (popindikira madzi mu burette) sipaoneka, choncho werengani pamwamba pake, poyamba ndi pomaliza pomwe.

Powerengera, mole imodzi ya permanganate (MnO4-) imathana ndi mamole 5 a Fe2+. Ambiri timagwera apa, kuiwala 5 ameneyu.

Ngati mwapatsidwa oxalate m'malo mwa iron, tenthetsani flask ifike cha m'ma 60°C. Ndi chisanu cha Mzuzu cha mu June, madontho oyamba amachedwa kutaya mtundu mpaka mungaganize kuti mwafika kale kumapeto.