Kusankha katundu wa sitolo ya affiliate

Mwafunsa za katundu amene angakupindulitseni pa sitolo yaing'ono ya pa intaneti, yomwe mumalandira komishoni anthu akagula kudzera pa linki yanu.

Yambani ndi zinthu zomwe mumazidziwa bwino, kenako musankhepo kagawo kakang'ono: osati zamasewera zonse, koma nsapato za othamanga mitunda italiitali. Mukatero onani pa Google Trends, tsamba losonyeza zomwe anthu amafufuza pa Google, ngati anthu amazifunafuna chaka chonse. Za nyengo imodzi zisiyeni.

Tsono werengani malamulo a komishoni, apa musathamangepo. Amazon Associates, pulogalamu ya komishoni ya sitolo ya Amazon, imakupatsani komishoni pa katundu yekhayo amene munthu wasankha kugula pasanathe maola 24 chidinireni linki, ndipo peresenti imasiyana malinga ndi katundu. Katundu wotchipa wa peresenti yochepa angokutopetsani.

Pomaliza, onani opikisana nanu. Mukafufuza katunduyo, tsamba loyamba la Google likadzaza makampani akuluakulu okhaokha, chepetsaninso kagawo kanu kaja.