Momwe mungazindikirire shuga pa paketi, yang'anani kumchira kwa liwu

Chiwapezereni amai anga ndi matenda a shuga ndine amene ndimapita ku Down Shops kukagula zinthu za pakhomo, ndipo chomwe ndaphunzira ndi chakuti paketi ikhoza kukhala yopanda liwu loti sugar koma shuga alimo wambiri, wangosintha dzina chabe.

Tembenuzani paketi mupeze pomwe alemba ingredients. Amayamba ndi chinthu chomwe chachuluka, chochepa chimakhala kumapeto. Manje yang'anani momwe liwu lililonse lathera, likatha ndi -ose nthawi zambiri ameneyo ndi shuga. Glucose ndi uja amayeza ku kiliniki akakubayani pachala, pena amalemba dextrose, ndi yemweyo. Fructose ndi wa m'zipatso ndi mu uchi. Lactose ndi wa mu mkaka. Sucrose ndiye wathu wa mu tiyi wochokera ku nzimbe za ku Nakambala ku Mazabuka, kwenikweni ndi glucose ndi fructose atagwirana, ndipo musanamizike ndi shuga wa brown, nayenso ndi sucrose.

Koma amene ndikufuna mumvetsetse ndi maltose, shuga wa chimera. Munaonapo agogo akuphika thobwa? Phala limakhala lolimba bwinobwino, alisiye lizizireko, athire chimera, atakase, posakhalitsa laswekeratu lasanduka lamadzimadzi ndipo mukalawa likutsekemera pomwe sanathiremo shuga olo supuni imodzi. Chachitika ndi chakuti ufa ndi starch, ma glucose ambirimbiri olumikizana ngati mikanda, ndiye mu chimera muli amylase amene amadula mikanda ija tizidutswa, tizidutswato ndiye maltose. Liwu likatha ndi -ase si shuga, nthawi zambiri ndi chodulira zakudya ngati amylase yemweyu. Amylase alinso m'malovu mwathu, tafunani mbamu ya nsima nthawi yaitali osameza mumva kutsekemera. N'chifukwa chake ndimawauza amai kuti thobwa losathira shuga limakwezabe shuga m'magazi, amakana poyamba mpaka tinayeza limodzi.

Palinso ena othera ndi -ol, sorbitol, xylitol, mannitol, mumawapeza mu chingamu ndi maswiti olembedwa sugar free. Amawatcha sugar alcohols koma saledzeretsa ayi, vuto lake mukadya ambiri amatsegula m'mimba, makamaka ana. Aspartame wa mu ma drink olembedwa zero amatsekemera pafupifupi ka 200 kuposa shuga, sucralose ka 600, uyu watha ndi -ose koma thupi silimugwiritsa ntchito ngati shuga.

Mukatha maina pitani pa manambala. Pezani mzere wa sugars, pa zakumwa amalemba ma gramu pa 100ml. Chulukitsani molingana ndi kukula kwa botolo kenako gawani ndi 4, chifukwa supuni yaing'ono ya tiyi ndi pafupifupi ma gramu 4. Botolo la 500ml lolembedwa 10g pa 100ml ndiye kuti muli 50g, masupuni 12 ndi kakuti, ndipo 50g ndi pomwe a WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, amati munthu wamkulu asapitirire tsiku lonse pa shuga wothira, uchi ndi juwisi. Ngati mukugulira wodwala shuga onaninso mzere wa carbohydrate pamwamba pake chifukwa starch imawerengedwa pamenepo, mujambule paketiyo pa foni mukawaonetse a nesi tsiku la review.