Mmene mungadziwire ngati ma function a sin ndi cos ali linearly independent

Tiyerekeze muli ndi ma function atatu, f, g ndi h. Lembani af + bg + ch = 0, pomwe a, b ndi c ndi manambala osasintha. Ngati ikweshoniyi ingakhale yoona pa x aliyense pokhapokha a, b ndi c onse ali ziro, ndiye kuti ma function amenewa ali linearly independent. Mawu ofunika apa ndi akuti "x aliyense", ndipo ambiri amaphonya pomwepa.

Musanawerengetse chilichonse, fufuzani kaye ngati pali identity (ikweshoni yoona pa x aliyense) yomwe ikuwalumikiza. Tengani 1, cos 2x ndi sin²x. Pongowayang'ana amaoneka osiyana, koma cos 2x = 1 − 2sin²x, choncho 1 − cos 2x − 2sin²x = 0 nthawi zonse. Amenewa ndi dependent, kutanthauza kuti sali independent, nkhani yatha. N'chimodzimodzinso sin x, cos x ndi sin(x + π/3), chifukwa lachitatulo ndi theka la sin x kuphatikiza √3/2 ya cos x.

Identity ikasowa, lowetsani manambala m'malo mwa x. Pa a sin x + b cos x + c sin 2x = 0, ikani x = 0, mupeza b = 0. Ikani x = π/2, mupeza a = 0 popeza sin π ndi ziro. Pomaliza x = π/4 ikupatsani c = 0. Onse atatu ndi ziro, ndiye ali independent. Sankhani ma x mosamala: 0, π ndi 2π onse amangokuuzani kuti b = 0, osanena kanthu za a ndi c. Zikatero sizitanthauza kuti ndi dependent ayi, mwangosankha molakwika. Ngati mukugwiritsa ntchito calculator, ikhale pa radian.

Njira ina ndi Wronskian, determinant yomwe Józef Hoene-Wroński anaiyambitsa mu 1812. Mzere woyamba wa determinant muikemo ma function, wachiwiri ma derivative awo, wachitatu ma derivative achiwiri ngati ma function ali atatu. Pa sin x ndi cos x mumapeza −sin²x − cos²x = −1. Wronskian ikakhala yosiyana ndi ziro ngakhale pa x mmodzi yekha, ali independent.

Chenjerani apa. Wronskian ya sin x ndi sin 2x ndi −2sin³x, yomwe ndi ziro pa x = 0. Wongoyesa pamenepo basi angaganize kuti ndi dependent, pomwe pa π/2 yankho ndi −2. Ndiponso Wronskian yomwe ndi ziro paliponse siitsimikizira dependence pa ma function onse: Giuseppe Peano anaonetsa zimenezi mu 1889 ndi x² ndi x|x|. Pa sin, cos ndi zochulukitsa zake vutoli kulibe chifukwa ndi analytic (amalembeka ngati power series), komabe ndi bwino kulemba poyera manambala a, b ndi c amene akupereka ziro, kuti woona ntchito yanu asakayike.