Momwe mungachitire ulendo wa tsiku lonse pa boti ku zilumba za Cape Maclear

Ife a mu Lusaka madzi timawadziwira mu ndowa, mu shawa, ndi m'misewu ya ku Kanyama mvula ikagwa. Tikafuna kuona madzi ambiri timathamangira ku Siavonga, koma ku Kariba umangoyang'ana uli kumtunda, chifukwa ng'ona za kumeneko sizidziwa nthabwala. Nchifukwa chake ambiri amaganiza kuti kusambira pakati pa nsomba zamawangamawanga, utavala magalasi ndi kapaipi kopumira, ndi za anthu a ndalama okwera ndege kupita ku Zanzibar. Ayi ndithu. Kuseri kwa Chipata kuli Nyanja ya Malawi, ndipo kumwera kwake, ku Cape Maclear, kuli zilumba zimene mungazungulire ndi boti tsiku lonse. Madzi ake ndi oyera moti mwala wa pansi umaoneka ngati uli m'beseni. Ine ndapitako kawiri. Ulendo woyamba ndinaphunzira ndi misozi, wachiwiri ndinasangalala, ndipo kusiyana kwake kunali zimene ndinagwirizana ndi mwini boti dzulo lake madzulo.

Sankhani mwezi musanasankhe basi

Anthu a mu Lusaka timakonda tchuthi chachitali cha Heroes ndi Unity kumayambiriro kwa July. Pa ulendo uwu chimenecho chisiyeni. Kuyambira cha mu May mpaka August panyanja pamaomba mwera, mphepo yochokera kumwera chakum'mawa, imene imautsa mafunde ndipo asodzi enieniwo amaiopa. Boti limatha osanyamuka n'komwe, kapena kunyamuka inu n'kumangosanza. M'nyengo yamvula mitsinje imatsitsa matope ndipo madzi ena amada. Nthawi yabwino ndi September mpaka November. Tchuthi cha ufulu cha pa 24 October chimagwera pabwino: kumatentha koopsa, koma nyanja imakhala bata ndipo madzi amakhala ofunda.

Kafikidwe kake

Apa sipofunika kutalikitsa. Kwerani basi ya m'mamawa pa Intercity, mutsate Great East Road kudutsa pa mlatho wa Luangwa, Nyimba, Petauke ndi Katete mpaka Chipata, mtunda wa makilomita pafupifupi 570. Muwoloke malire pa Mwami kulowa Mchinji, kenako Lilongwe. Wa pasipoti ya Zambia safunika viza. Kuchoka ku Lilongwe mutha kudzera ku Salima kapena kutsika mapiri a Dedza pa msewu wokhotakhota wa Golomoti, n'kulunjika ku Monkey Bay. Musanalowe m'tauniyo pali mphambano yopita kumudzi wa Chembe, makilomita osakwana 20, ndipo mudziwo ndiwo Cape Maclear imene alendo amanena. Werengerani masiku awiri kupita, awiri kubwera. Amene akuyendetsa yawo adzaze mafuta ku Chipata ndipo asaiwale mapepala a galimoto ndi inshuwalansi ya COMESA.

Ndalama zinyamuleni m'manja, za kwacha ya Malawi, muzitape ku Lilongwe. Ku Chembe musadalire kuti mukapeza makina otapira ndalama.

Kukambirana ndi mwini boti

Apa ndiye pagona nkhani. Mukangoponda mchenga, anyamata a maboti akufikirani okha. Chilankhulo sichivuta, kungoti mukangoti "manje manje" adziwiratu kuti mwachokera ku Zambia. Musavomere wa woyamba kukupezani. Funsani pamalo pamene mwagona kuti akulozereni munthu amene amamudziwa, ndipo mukaone botilo ndi maso anu kukadali kowala.

Ulendo wanga woyamba tinali anthu asanu ndi awiri, ine ndi alamu anga ndi ana. Ndinafunsa mwini boti kuti, "Achimwene, majekete oyandamitsa aja alipo?" Iye anati, "Alipo bwana, musadandaule." Ndinalipira zonse pomwepo. M'mawa mwake tinadikira mpaka dzuwa kukwera, akuti mafuta akukagulidwa. Majekete analipo atatu okha, imodzi yoduka lamba. Magalasi anali awiri, tinkachita kulandizana ngati chikho cha thobwa pamaliro. Sanandinamize, analipodi. Ndine amene sindinafunse kuti alipo angati.

Tsono funsani zinthu mochita kuwerenga. Majekete, amene eni maboti amangoti life jacket, akhale okwana aliyense, ndipo a ana akhale a msinkhu wa ana. Jekete yaikulu mwana akalowa nayo m'madzi imakwera n'kumuphimba kumaso, iye n'kupulumukira pansi pake. Magalasi ndi mapaipi akhale a munthu aliyense payekha. Boti likhale ndi denga la mthunzi, nkhafi zapadera injini ikazima, ndi makwerero kapena chingwe chokwerera pochoka m'madzi. Izi za makwerero anthu amaziiwala, koma kukwera boti uli m'madzi akuya ndi ntchito, makamaka kwa ife amene nsima inatikonda.

Mugwirizanenso zilumba zimene mupite, nthawi yonyamuka ndi yobwerera, komanso ngati chakudya chamasana chili mumtengo womwewo. Palinso ndalama yolowera m'paki, chifukwa zilumbazi zili mu Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO, nthambi ya bungwe la United Nations, inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Dziwani ngati mulipira nokha kapena mwini boti, ndipo risiti muione. Perekani kachigawo kogulira mafuta ndi ndiwo, zotsalazo mukatsika madzulo. Munthu wachilungamo sakana zimenezi.

Zilumba zake

Thumbi West ndi chapafupi, chimaoneka muli pagombe, ndipo boti silitenga nthawi kufika. Ndi pamene oyamba kumene ayenera kuyambira, chifukwa nsomba zing'onozing'ono zotchedwa mbuna zimadzaza m'miyala ya m'mphepete. Domwe ndi chachikulu, chamapiri, cholekanitsidwa ndi mtunda ndi kampata kotchedwa Ilala Gap. Mumbo chili kutali, makilomita pafupifupi 10, ndipo kuli malo ogona alendo, choncho kufikako n'kofunika kupangana kaye. Pali ndi Otter Point, imene si chilumba koma miyala ikuluikulu ya kumapeto kwa gombe. Kwa ine, Otter Point m'mawa, Thumbi masana, ndi Domwe ngati nyanja ili bata, zakwana. Amene amafuna kuponda paliponse tsiku limodzi amathera nthawi yonse akumva kulira kwa injini.

Zonyamula m'mawa wake

Nyamukani isanakwane 9 koloko, chifukwa mphepo imakonda kudzuka masana. Idyani pang'ono, tiyi ndi buledi basi. Tengani madzi akumwa ambiri kuposa amene mukuganiza, chipewa, chitenje kapena thaulo, ndi jumbo lotsekeka bwino loikamo foni. Pasipoti isiyeni kumene mwagona. Valani malaya a mikono yaitali opepuka osambira nawo. Tisadzinamize kuti khungu lakuda silipsa. Munthu ukagona chafufumimba pamadzi ola lathunthu, msana ndi kuseri kwa miyendo zimapsa osamva, ndipo ine ndinasupuka mapewa sabata yonse. Mafuta oteteza kudzuwa pakani musanakwere boti, koma kumaso pakani pang'ono, chifukwa amatereretsa magalasi.

Mowa usungeni wa madzulo. Izi sindikambirana ndi munthu.

Kuphunzira magalasi ndi paipi

Simufunika kukhala katswiri wosambira. Mlamu wanga sadziwa kusambira ngakhale pang'ono, koma atavala jekete anakhala m'madzi kuposa tonse. Chofunika n'kuyamba pamalo osaya, pamene madzi akulekeza m'chiuno, osati kudumpha kuchokera m'boti chifukwa anzanu akujambula.

Yesani magalasi motere: agunditseni kumaso osavala lamba, kokani mpweya pang'ono ndi mphuno, n'kuchotsa manja. Akamatirira, ndi anu. Akagwa, pemphani ena. Tsitsi kapena mawigi zisalowe m'mphepete mwa labala, ndipo abambo a ndevu za pamlomo wapamwamba adziwe kuti madzi azilowa pang'onopang'ono. Lamba musamange kwambiri, kumanga kwambiri ndi kumene kumadonthetsa. Kuti magalasi asachite nthunzi, lavulirani malovu mkati mwake, pakani ndi chala, tsukuluzani kamodzi n'kuvala. Zikumveka zauve, koma ndi mmene aliyense amachitira.

Kenako lumani paipi mofewa, milomo itseke mozungulira. Weramani, ikani nkhope m'madzi mutaimirira, n'kupuma ndi pakamwa pang'onopang'ono. Mphindi yoyamba mtima umagunda, thupi limakana kuti munthu angapume nkhope ili m'madzi. Werengani mpweya khumi. Mukafika pa khumi mantha amakhala atapita. Madzi akalowa m'paipi, uzirani mwamphamvu kamodzi ngati mukuti "tu", atuluka pamwamba. Zikakanika, dzutsani mutu, lavulani paipi, pumani. Jekete ikugwirani.

Mukazolowera, gonani pamadzi, manja m'mbali, miyendo izimenya pang'ono. Kuphiriphitha kumathamangitsa nsomba n'kukutopetsani. Kumbukirani kuti awa ndi madzi opanda mchere. Ubwino wake sawawa m'maso ndipo mulibe shaki, koma sanyamula thupi ngati a kunyanja ya mchere. Amene anasambirapo ku Dar es Salaam asadzithembe, kuno thupi limalemera. Komanso pansi pamatsetsereka mwadzidzidzi: apa mwaponda mwala, apo ndi phompho la buluu. Nyanjayi kumpoto kwake imazama mamita pafupifupi 700.

Musasambire nokha. Khalani awiriawiri, ndipo wamkulu mmodzi atsale m'boti kapena pamwala akuyang'ana ana, foni ili m'thumba. Munthu akamamira sakuwa, amangoti zii. Musayandikire kumbuyo kwa boti injini isanazime.

Zimene mukaone

Mbuna ndi tinsomba ta m'miyala, tambiri totalika ngati chala kapena chikhatho, ta buluu wowala, tachikasu, ta mizeremizere ngati mbidzi. Nyanjayi ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere, ndipo yambiri mwa iyo sipezeka kwina kulikonse padziko. Chifukwa mbuna sizikonda kuwoloka mchenga kapena madzi akuya, za pachilumba china zimatha kusiyana mtundu ndi za pachilumba choyandikana nacho. Mukaima phee pafupi ndi mwala muona yaimuna ikulondera kadera kake, kuthamangitsa iliyonse yodutsa. Mukachita mwayi muona yaikazi yotupa masaya. Imeneyo yafungatira ana m'kamwa. Imawalavula kuti adye, ndipo mukasuntha dzanja onse amathamangira kubwerera m'kamwa mwa mayi wawo. Ndinaziona pa Thumbi, madzi ondilekeza pachifuwa, ndipo ndinaiwala kuti ndaluma paipi, n'kumwa madzi.

Eni maboti ena amakupatsani buledi kuti nsomba zikuunjikireni m'manja. Zimasangalatsa ana, koma ine sindizikonda. Mbuna zimadya ndere za pamiyala, ndipo zilipo zambiri moti simufunika kuzinyengerera. Kuwedza m'mphepete mwa zilumbazi n'koletsedwa, choncho musatenge kanthu, ngakhale kansomba ka m'botolo.

Masana anyamata amakoleza moto pamwala n'kuwotcha chambo kapena kampango wogula kwa asodzi m'mawa, ndi mpunga kapena nsima. Zinyalala zanu zibwerere nanu m'boti. Mukatha kudya pumulani pamthunzi, dzuwa la masana lipepuke kaye.

Pobwerera pamakhala chimene wa ku Zambia aliyense amachikonda. Mwini boti amaimba likhweru, n'kuponya nsomba pamadzi. Kuchokera m'mitengo ya pachilumba imatsika nkhwazi, yomwe ija ya pa mbendera yathu, n'kuitola ndi zikhadabo osanyowa mapiko. Konzekeranitu foni, chifukwa sichedwa. Mukatsika kukadali kowala, funsani njira ya kumanda a amishonale a Livingstonia, amene anafika pamalopa mu 1875 n'kusamukira ku Bandawe mu 1881 atavutika ndi malungo. Dzina la Cape Maclear analipereka ndi David Livingstone, potchula mnzake Thomas Maclear, katswiri wa za nyenyezi. Udzudzu umene unasamutsa amishonalewo ukadalipo, ndiye gonani m'neti.

Mukabwerera ku Lusaka

Nkhani ya likodzo tisaibise. Ku Cape Maclear liliko. Tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi osaya, makamaka kugombe la kumudzi kumene anthu amachapa ndi kusamba, ndi m'mabango. Kumiyala ya kuzilumba chiopsezo chimachepa, koma sichitheratu. Kwerani boti osachedwa m'madzi a pagombe, ndipo mukatuluka m'nyanja dzipukuteni bwino. M'mabango ndi pamathiriro a mitsinje musasambiremo n'komwe, ndi kumenenso ng'ona ndi mvuu zimakonda.

Anthu ena amagula mankhwala a likodzo otchedwa praziquantel n'kumwa tsiku lomwe achoka kunyanja. Kumeneko n'kutaya mankhwala, chifukwa sapha tizilombo tikadali tating'ono. Dikirani papite miyezi iwiri, kenako pitani kuchipatala mukawauze kuti munasambira mu Nyanja ya Malawi, akuyezeni ndi kukupatsani mlingo wolingana ndi kulemera kwa thupi lanu. Mukaona magazi mumkodzo, kapena thupi likatentha masiku oyambirira mutabwerako, musadikire miyezi iwiriyo, ndipo muyezetsenso malungo. Tsiku lopita kuchipatalalo lilembeni mufoni mukadali mu basi ya ku Chipata, la inu ndi la ana omwe.