Zoyenera kuunika musanabayenso mayi magnesium sulphate

Mwafunsa zimene namwino ayenera kuona asanapereke mlingo wotsatira wa magnesium sulphate, mankhwala oletsa kukomoka, kwa mayi woyembekezera amene wakomoka chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Musanayambe, khalani ndi wotchi, kanyundo koyezera bondo, ambu bag (chipangizo chopopera mpweya m'mapapo) ndi calcium gluconate (mankhwala othetsa mphamvu ya magnesium sulphate) pafupi ndi bedi.

1. Werengani kupuma kwake kwa mphindi yathunthu. Kusachepere ka 16.

2. Gogodani m'munsi mwa fupa la bondo, ndipo mwendo uyenera kudumpha.

3. Yezani mkodzo wa m'thumba lolumikizidwa ku chubu cha mkodzo, womwe usachepere 30 ml pa ola. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, chifukwa amangoyang'ana ndi maso osadziwa nthawi imene thumba linakhuthulidwa, pomwe mankhwalawa amatuluka kudzera mu impso, ndipo mkodzo ukachepa amaunjikana m'magazi mpaka kufooketsa kupuma.

4. Chimodzi mwa zitatuzi chikalephera, musabaye, itanani dokotala. Mayiyo akasiya kupuma, muthandizeni ndi ambu bag ndi kupereka calcium gluconate 1 g mumtsempha pang'onopang'ono.

5. Zonse zikakhala bwino, bayani 5 g mkati mwa mnofu wa thako limene simunabaye ulendo wapitawo, lembani nthawi, ndipo muuzeni mayiyo kuti anene msanga akamva kubanika.