Musamakane ma update a mwezi ndi mwezi

Anzanga a malaputopu kuno ku Salima, ambirife uthenga wa update ukabwera timangoutseka, kuopa kuti bandulo itha. Ndikumvetsa, koma musamakane chonde. Microsoft, kampani yomwe imapanga Windows, imatulutsa ma update achitetezo pa Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse, ndipo amatseka mipata imene akuba amalowerapo. Mu Meyi 2017, vayirasi ya WannaCry inagwira makompyuta omwe sanaike update imene inatuluka mu Malichi.

Ine ndimadikira masiku awiri kapena atatu, kuti ngati ili ndi vuto ndimvere kwa ena. Kenako ndimakopera mafayilo pa flash, n'kudzaza batire, chifukwa magetsi akathima update ili mkati kompyuta imatha kukana kuyaka. Ndikatero ndimaika update ija ndili pa Wi-Fi.

Mukakhala pa hotspot ya foni, yatsani Metered connection, setting ya Windows yochepetsa kugwiritsa ntchito data, kuti kompyuta isamamalize data yanu mwakachetechete.