Kuyesa kasakanizidwe ka ufa wa phala ndi miphika isanu ndi iwiri

Ndimagulitsa ufa wa phala wa chimanga, soya ndi mtedza. Chaka china ndinawonjezera mtedza, makasitomala n'kuyamba kuyamikira kuti phala lakoma, ine n'kumati mtedza ndiwo wakometsa. Mng'ono wanga, yemwe anaphunzira za kawerengero, anangondifunsa kuti, "Achemwali, mu kilo yomweyo, mtedza utalowa chinatuluka n'chiyani?" Ndinali nditachepetsa soya, amene fungo lake ambiri salikonda. Ndiye chinakometsa n'chiti? Sindikanatha kuyankha.

Vuto la zosakaniza ndi limeneli: paketi ndi ya kilo imodzi basi, ukathira china mochuluka, chinzake chiyenera kuchepa. Sungayese chimodzi pachokha. Katswiri wa masamu Henry Scheffé analemba njira yothana ndi zimenezi mu 1958, ndipo ya zinthu zitatu amaijambula ngati chinthu cha makona atatu. Nayi momwe ine ndimaigwiritsira ntchito.

Yambani ndi malire. Phala la soya yekhayekha palibe angadye, choncho musataye ufa poyesa zimenezo. Likuni Phala nthawi zambiri amakhala magawo 80 a chimanga ndi 20 a soya, ndiye ndinayambira chapomwepo. Pa magalamu 1,000 ndinakhazikitsa 600 a chimanga ndi 100 a soya kuti asasunthe. Otsala 300 ndiwo oyesera.

Miphika itatu yoyamba ndiyo makona aja. Pa uliwonse, 300 yense apite ku chinthu chimodzi (manambala ndi magalamu a chimanga, soya, mtedza): 900, 100, 0, kenako 600, 400, 0, kenako 600, 100, 300. Pakati pa makona awiri, gawani 300 uja pakati: 750, 250, 0, kenako 750, 100, 150, kenako 600, 250, 150. Mphika wachisanu ndi chiwiri ndi wapakatikati: 700, 200, 100. Pimani ndi sikelo, osati kapu, chifukwa kapu ya nsinjiro silemera mofanana ndi ya ufa wa chimanga.

Soya yense mukazinge tsiku limodzi, apse bwino, popeza wosapsa amavuta kugaya m'mimba. Mtedza musankhe, wachuku ndi wonyala mutaye. Phalali amadya ndi ana. Madzi, shuga, mchere ndi nthawi yophika zikhale zofanana pa mphika uliwonse.

Lembani manambala 1 mpaka 7 pa timapepala, mutiike m'chipewa, mwana atole. Kameneko ndiye kandondomeko kophikira ndi kolawitsira. Mukatsata mzere wa m'kope, phala lomaliza limapeza moto wazilala ndi anthu atakhuta, n'kulephera popanda chifukwa. Olawa asadziwe zomwe zili m'kapu, azitsuka m'kamwa asanalawe lina, ndipo aliyense alembe payekha malikisi kuyambira 1 mpaka 9. Akamalankhula mokweza, onse amangotsatira mawu a wamkulu. Mawa lake bwerezani zonse, mutolenso timapepala.

Powerengera m'pamene ndimafuna mufatse. Pezani avereji ya malikisi a phala lililonse. Tiyerekeze kuti la 900, 100, 0 lapeza 6, la 600, 100, 300 lapeza 5. Chimanga ndi mtedza zikanakhala kuti sizithandizana, la pakati pake likanapeza 5.5. Likapeza 7, ndiye kuti ziwirizi zikakumana zimakoma kuposa chilichonse pachokha. Likapeza 4, zikuwonongerana. Kusiyana kwa 7 ndi 5.5, komwe ndi 1.5, mukachulukitsa ka 4 mupeza 6, nambala yomwe akatswiri amaika m'masamu awo ngati mphamvu ya kugwirizana kwa ziwirizo. Chitani chimodzimodzi mbali zonse zitatu.

Musanasangalale, onani masiku awiri aja. Ngati phala limodzi lomwelo linapeza 5 dzulo, lero 7, ndiye kuti 1.5 wanuyo angakhale mwayi chabe. Onjezani olawa, phikaninso.

La pakatikati ndi mboni. Wonkhetsani malikisi atatu a pakati pa makona, chulukitsani ka 4, chotsanipo chiwonkhetso cha makona atatu, gawani ka 9. Yankho likayandikira malikisi enieni a 700, 200, 100, masamu anu mungawadalire polosera kasakanizidwe kena komwe simunaphike, bola kakhale mkati mwa malire aja. Likatalikirana, pali china chimene zitatuzi zimachita zikakhala pamodzi, ndipo muyesenso miphika ingapo yozungulira pakatipo.

Kukoma kokha sikukwanira. Pambali pa malikisi ndimalemba mtengo wa kilo, ndipo sindilola soya kutsika kwambiri ngakhale olawa atafuna, chifukwa ndiye amene amamanga thupi la mwana. Ufa wa mtedza wambiri umayambanso kununkha msanga, choncho paketi imodzi ya kasakanizidwe komwe mwasankha muisunge milungu ingapo, muinunkhize, muiphike, musanagayitse thumba lonse kuchigayo.